Kapu ya tiyi m'manja mwa msilikali: gawo la Mulanje m'zithunzi zakale za nkhondo

Pakati pa zithunzi miyandamiyanda zimene zinajambulidwa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945, pali mtundu wina umene umabwerezedwa kawirikawiri m'mabuku a mbiri ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndiwo wa msilikali amene watsamiritsa mfuti pambali, wakhala pansi kapena pa bokosi la zipolopolo, ndipo wafumbata kapu yachitsulo ya tiyi ndi manja awiri. Zithunzi zoterezi zimakondedwa chifukwa zimaonetsa munthu wankhondo ali wotopa ndi waludzu monga wina aliyense, ndipo ku Britain zinasanduka chizindikiro cha mtima wosatekeseka umene Angerezi amanyadira kuti anali nawo pa nthawi ya zoopsa. Koma amene angaziyang'ane ali pa Boma la Mulanje, pamene minda ya tiyi imayambira m'mphepete mwa msewu wopita ku Muloza n'kukalekezera patsinde penipeni pa phiri, ali ndi chifukwa chofunsira mafunso amene wojambulayo sanawaganizire, monga akuti tsamba la m'kapumo linathyoledwa kuti, analisenza ndani kuti lifike kumalo a nkhondo, ndiponso n'chifukwa chiyani nkhope za anthu amenewo sizipezeka pa chithunzi. Dera la Mulanje linapereka zinthu ziwiri ku nkhondozo, tsamba ndi anthu, ngakhale kuti silinazipereke pa nthawi imodzi kapena pa muyeso wofanana, ndipo mbiri ya ziwirizi ndi yolukanalukana kuposa mmene ambiri amaganizira.

Chofunika kudziwa poyamba n'chakuti zithunzi zambiri za nkhondo sizinajambulidwe mwangozi. Kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba asilikali ena, makamaka akuluakulu, ankayenda ndi kamera yaing'ono yolowa m'thumba yotchedwa Vest Pocket Kodak, imene inayamba kugulitsidwa mu 1912, koma nkhondo isanathe chaka atsogoleri a gulu lankhondo la Britain analetsa asilikali kukhala ndi makamera, poopa kuti zithunzi zingaulule zinsinsi kwa adani kapena kufooketsa makolo ndi akazi otsala kumudzi. Mu 1916 boma linayamba kutumiza ojambula akeake, ndipo woyamba kupita kumalo a nkhondo a ku France anali Ernest Brooks, pamene chaka chotsatira kunakhazikitsidwa ku London nyumba ya Imperial War Museum, imene mpaka lero imasunga zithunzi zochuluka za nkhondozi. Pa nkhondo yachiwiri ntchitoyi inalongosoka koposa, pakuti mu 1941 kunapangidwa gulu la asilikali ojambula lotchedwa Army Film and Photographic Unit, ndipo chithunzi chilichonse chinkayamba chadutsa m'manja mwa ounika, anthu amene ntchito yawo inali kuchotsa zonse zimene boma silinafune kuti zioneke, chisanaperekedwe kwa a nyuzipepala. Chithunzi cha msilikali akumwa tiyi chinkadutsa mosavuta chifukwa uthenga wake unali wokomera boma, wakuti mwana wa eni ali moyo, akusamalidwa ndipo sanataye mtima. N'chifukwa chake asilikali oposa 338,000 atapulumutsidwa pa gombe la Dunkirk pakati pa 26 Meyi ndi 4 Juni 1940, atasiya zida zawo zambiri m'manja mwa Ajeremani, zithunzi zimene zinafala kwambiri zinali za anyamata ali pa mazenera a sitima zapamtunda akulandira tiyi kwa amayi odzipereka, ndipo kugonja kwakukulu kunaoneka ngati kubwerera kwawo kwa ana amene anasowa.

Izi sizikutanthauza kuti tiyiyo anali wongojambulitsira. Madzi a kumalo a nkhondo ankakhala oipa, onunkha mankhwala ophera tizilombo kapena petulo wa m'zigubu zimene anatengeramo, motero kuwawiritsa n'kuthiramo masamba kunkapha tizilombo toyambitsa kamwazi ndi kubisa fungo, pamene shuga ankabwezera mphamvu msanga ndipo tsambalo linkathamangitsa tulo kwa mlonda wa usiku. Asilikali a m'chipululu cha kumpoto kwa Africa anatulukira njira yowiritsira madzi m'chitini chodzaza mchenga wonyowetsedwa ndi petulo, ndipo akasinja a Centurion amene anapangidwa kumapeto kwa nkhondo yachiwiri anaikidwa chowiritsira madzi chamagetsi m'kati mwake kuti asilikali asamatuluke kukasonkha moto pamalo pamene mdani angawaone. Boma limene linkaganizira tiyi mpaka pa mapangidwe a akasinja silikanalephera kuganizira za kumene tsambalo linkalimidwa.

Mfuti ndi mbewu zinafika chaka chimodzi

Ku Mulanje tiyi ndi asilikali a atsamunda anafika pafupifupi limodzi. Mbewu zoyamba zimene zinayesedwa pa mishoni ya Blantyre mu 1878 sizinapirire, koma zina zimene Dr Walter Elmslie anabweretsa kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh mu 1886 zinamera m'manja mwa Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoniyo, ndipo kuchokera ku mitengo imeneyo Henry Brown, mlimi amene anakhalapo ku Ceylon, anatenga mbewu zimene anabzala ku Lauderdale ndi ku Thornwood mu 1891. Chaka chomwecho dziko lino linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Harry Johnston, woimira boma la Britain, anafika ndi asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, otsogozedwa ndi Cecil Maguire. Mu 1893 atsamundawa anamanga malinga awiri mozungulira phiri, Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchesi, ndi Fort Anderson, limene ndilo chiyambi cha Boma la Mulanje, ndi cholinga chothyola mphamvu za mafumu Achiyao monga Mkanda ndi Matipwiri, amene ankalamulira njira za malonda zopita ku Quelimane, kuphatikizapo malonda a akapolo. Kutha kwa malonda oipawo kunali chinthu chabwino chimene palibe angachitsutse, komabe mfuti zomwezo ndizo zinatsimikizira kuti malo aakulu a nthaka yachonde, amene azungu ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda, akhale a eni minda mpaka kalekale. Poyamba alimiwo ankadalira khofi, ndipo anatembenukira ku tiyi pamene khofiyo anagwa chifukwa cha matenda ndi kutsika kwa mitengo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Asilikali a kuno amene ankaphunzitsidwa ndi Asikhi aja anakula kukhala gulu loima palokha, limene linatumizidwa kukamenya nkhondo kwa Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900, ndiponso ku Somaliland, ndipo pa 1 Januwale 1902 linalowa m'gulu latsopano la King's African Rifles, limene anthu ankangoti Keyala. Mabataliyoni awiri oyambirira a gululi, ndiye kuti magulu a asilikali mazanamazana okhala ndi mtsogoleri mmodzi, anali a Nyasaland ndipo likulu lawo linali ku Zomba, kumene kampu ya Cobbe inatenga dzina la Alexander Cobbe, amene anawatsogolera ku Somaliland.

Nkhondo ya chiwaya

Pa nkhondo yoyamba tsamba la Mulanje linali lisanachuluke moti n'kudzaza makapu a asilikali, pakuti ngakhale mu 1922, nkhondo itatha kale, dziko lonse la Nyasaland linatumiza kunja matani 375 okha, ndipo tiyi amene akuoneka m'zithunzi za ku France anali makamaka wa ku India ndi ku Ceylon. Chimene dera lino linapereka pa nthawiyo chinali anthu. Nkhondoyi, imene makolo ankaitcha ya chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo dzinali ndi limene katswiri wa mbiri Melvin Page anapatsa buku lake la mu 2000, inafika m'dziko muno msanga, pakuti pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaphwanya sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la kutsidya kwa nyanja, ndipo pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. M'zaka zinayi zotsatira amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali, pamene ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya utengatenga, ndiko kusenza pamutu katundu wa gulu lankhondo, m'dziko limene kalembera wa 1921 anapeza kuti linali ndi anthu 1.2 miliyoni okha. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, popeza mafumu ndi nyakwawa ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo asilikali a boma ankagwira anthu m'midzi ngakhale usiku.

Apa ndi pamene chithunzi cha kapu ya tiyi chimafunika kuchiyang'ana mofatsa. Kum'mawa kwa Africa kunalibe misewu yokwanira, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, motero pafupifupi chilichonse chimene gulu lankhondo la Britain lotsogozedwa ndi Edward Northey linkadya, kuvala kapena kuwombera pamene linkalowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani la kumpoto kwa Nyasaland kuchokera mu 1916 chinkayenda pamutu pa munthu, mtolo wa makilogalamu oposa 20, kukwera mapiri a kum'mawa kwa nyanja pa mvula ndi pa chisanu. Chakudya chinkagawidwa motsata khungu: msilikali wa Keyala ankalandira ufa kapena mpunga, nyemba, mchere ndi nyama ikapezeka, pamene tiyi, shuga, mkaka wa m'chitini ndi jamu zinali pa mndandanda wa azungu. Mtengatenga anali pansi pa onse, ndipo popeza iyenso ankayenera kudya pa mtolo womwe ankasenza, njira ikatalika chakudya chofika kutsogolo chinkachepa, ndipo njala ikavuta woyamba kumanidwa anali iye. Anthu zikwizikwi anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi kutopa, osakhudzidwa n'komwe ndi chipolopolo. Pamene chithunzi cha nthawiyo chikuonetsa mkulu wa asilikali atakhala pa mpando wopinda kutsogolo kwa hema, ketulo ili pa tebulo, n'zoona kunena kuti mpandowo, tebulolo, hemayo ndi bokosi la tiyilo zinafika pamenepo pamitu ya amuna ochokera m'maboma onga Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, amene akaoneka m'zithunzi amaoneka ngati mzere wautali wa anthu opanda maina.

John Chilembwe anaona izi zisanafike poipa. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka, amene pa nthawi ya mtendere sankawerengedwa kanthu, ndiwo akuitanidwa kukakhetsa magazi pa mkangano umene sunali wawo, n'kusiya amasiye m'midzi, ndipo boma linaletsa kalatayo kuti isafale. Kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa ndi apolisi m'dera la Mulanje akuthawira ku malire a Mozambique. Patapita zaka zitatu nkhondoyo inayandikira malire omwewo, pamene Paul von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa Ajeremani, anaoloka mtsinje wa Ruvuma mu Novembala 1917, nalanda chakudya ndi zida zambiri ku Namacurra pafupi ndi Quelimane mu Julayi 1918, kenako n'kukumana ndi a Keyala a ku Nyasaland pa Lioma pa 30 ndi 31 Ogasiti, m'dziko la Alomwe kum'mawa kwa phiri la Mulanje. Magulu onse awiri ankalanda chakudya ndi kugwira anthu m'midzi imene ankadutsa, ndipo mavutowa anaonjezera pa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, zimene zinali zitayamba kale kuthamangitsira Alomwe kuno. Mabanja amenewa ndiwo anadzakhala msana wa minda ya tiyi.

Pakati pa nkhondo ziwirizi ulimi wa tiyi unakula mofulumira. Kampani ya J. Lyons, imene inali ndi nyumba zomweramo tiyi zotchuka m'mizinda ya ku Britain, inatenga esiteti ya Lujeri m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1933 akatswiri awiri, Storey ndi Leach, anafalitsa zimene anapeza zakuti matenda ochititsa masamba chikasu, amene ankapha mitengo yambiri ku Mulanje, ankayamba chifukwa chosowa mchere wa m'nthaka wotchedwa salufa, kotero kuti feteleza woyenera anathetsa vutolo. Chaka chomwecho India, Ceylon ndi zilumba za Adatchi za Java ndi Sumatra anagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja kuti mitengo ikwere, ndipo alimi a kuno anapindula nawo, pamene mlatho wa pa Zambezi, umene unatsegulidwa mu 1935, unachititsa kuti mabokosi okwezedwa sitima pa Luchenza azifika ku doko la Beira popanda kuwaolotsa pa madzi. Tiyi amene mu 1932 ankabweretsa magawo 6 okha pa 100 alionse a ndalama za katundu wotumizidwa kunja anafika pa magawo oposa 40 kuyambira 1938 mpaka 1942. Phindu limeneli linkachokera pa ntchito yotsika mtengo. Banja lokhala pa malo a esiteti linkamangidwa ndi thangata, dongosolo limene munthu ankalipira lendi ya pamene wamanga nyumba pogwirira ntchito mwini malo, ndipo malipiro ankawerengedwa pa tikiti ya masiku 30 imene kapitawo ankachonga pokhapokha munthu atamaliza gawo limene wapatsidwa tsiku limenelo. Ntchito yothyola, imene imafuna masamba awiri anthete ndi nsonga yake, imachuluka m'miyezi ya mvula, nthawi yomweyo imene mlimi amafunika kupalira chimanga chake ndiponso imene nkhokwe zimakhala zitatha.

Pamene tsamba linasanduka chida

Nkhondo yachiwiri itayamba mu Seputembala 1939, msika wa okushoni wa tiyi wa ku London unatsekedwa ndipo sunatsegulidwenso mpaka 1951, pakuti unduna woona za chakudya unatenga udindo wogula tiyi mwachindunji kwa alimi a m'maiko a ufumu wa Britain pa mtengo wogwirizana. Kuyambira mu Julayi 1940 munthu aliyense ku Britain ankaloledwa kugula magalamu pafupifupi 57 okha pa sabata, lamulo limene linakhalapo mpaka 1952, ndipo nkhokwe za tiyi zinasamutsidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Thames n'kumwazidwa m'madera osiyanasiyana poopa mabomba. Ajapani atalanda Java ndi Sumatra mu 1942 n'kufika pa malire a India, tiyi wa ku Africa, amene kale ankaonedwa ngati wongoonjezera, anakhala wofunika kwambiri, ndipo eni minda a ku Mulanje ndi ku Thyolo anapeza chimene mlimi aliyense amalakalaka, wogula wotsimikizika wa zokolola zonse. Si onse amene zinawayendera bwino, pakuti Ataliyana okhala m'dziko muno anatsekeredwa monga nzika za dziko la adani ndipo minda yawo, kuphatikizapo ya Ignaco Conforzi wa ku Thyolo, inayang'aniridwa ndi boma. Tsamba la Mulanje, limene ogula amalikonda chifukwa cha kufiira kwake kowala m'kapu, linkasakanizidwa ndi la ku Assam ndi ku Ceylon lisanafike kwa womwa, ndipo dzina la dera limene linachokera linkathera pa bokosi. Msilikali wa pa chithunzi cha 1943 ankamwa thukuta la mayi wa ku Lauderdale kapena ku Lujeri popanda chomuuza kuti malo oterowo aliko.

Nthawi yomweyo boma linkafunanso amuna. Oposa 25,000 a ku Nyasaland analowa usilikali pa nkhondoyi, ndipo esiteti, gulu lankhondo ndi olemba anthu a ku migodi ya Rhodesia ndi South Africa, monga a Wenela, ankalimbirana anyamata omwewo. Pofuna kukopa anthu, atsogoleri a nkhondo anatumiza gulu loyendayenda lotsogozedwa ndi Alec Dickson m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo kuno, kukaonetsa m'mabwalo asilikali onenepa, ovala bwino, akuchita masewera olimbitsa thupi ndi kuonetsa zida, ndipo kwa mnyamata amene ankadziwa phoso la pa esiteti, ndiye chakudya chochepa chimene wantchito ankapatsidwa pamwamba pa malipiro, thupi la msilikali wokhuta linali umboni wamphamvu kuposa mawu alionse onena za Hitler. Madokotala a gulu lankhondo anali ataphunzirapo kanthu pa imfa za nkhondo yoyamba, motero chakudya cha a Keyala chinakonzedwa kuti chikhale ndi nyama, mafuta, shuga ndi tiyi, ngakhale kuti kusiyana kwa mndandanda wa azungu ndi wa anthu akuda sikunathe. Kwa ambiri amene anakulira pa thobwa ndi phala, kumwa tiyi tsiku ndi tsiku kunayambira ku usilikali, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mnyamata wobadwira pakati pa minda ya tiyi anafunika kuvala yunifolomu ya mfumu ya ku England kuti apatsidwe gawo lake la tsamba limene mayi ake ankathyola.

Ulendo wawo unali wautali. Bataliyoni yoyamba inalimbana ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu Julayi 1940, yachiwiri inamenya nkhondo yoopsa ya Tug Argan ku Somaliland mwezi wotsatira, ndipo a Keyala analipo pamene Gondar, linga lomaliza la Ataliyana ku Ethiopia, linagwa mu Novembala 1941. Mu 1942 anali ku Madagascar, ndipo mu 1943 gulu lalikulu la 11th East African Division, limene linaphatikiza asilikali a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Tanganyika, Kenya ndi Uganda, linasonkhana ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, pa chilumba chomwe chija chimene Henry Brown anachokera, kumene Atamil otengedwa ku India ankathyola tiyi m'mapiri ndi madengu kumsana pa malipiro ochepa. Mu 1944 analowa m'dziko la Burma kudzera m'chigwa cha Kabaw pa nyengo ya mvula yosakata, imene atsogoleri ambiri ankakhulupirira kuti gulu lankhondo silingayende, m'dera la malungo ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu, kumene matope ankameza magalimoto ndipo chakudya chinkaponyedwa kuchokera m'ndege. Anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala. M'malo oterowo madzi owiritsa anali nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo kapu ya tiyi inkathandizanso kumeza mapiritsi owawa a mepacrine oteteza ku malungo.

Zithunzi za a Keyala za nthawi imeneyi zilipo ndithu ku Imperial War Museum, ndipo zambiri zimapezeka pa intaneti. Zimaonetsa asilikali akuguba, akuoloka mitsinje, akuyang'aniridwa pa perete, akukonza magalimoto kapena akuphunzira kuwerenga, popeza boma linkafuna kuonetsa dziko lonse, makamaka America imene inkakayikira utsamunda, kuti anthu a m'maiko ake akumenya nkhondo mokhulupirika ndipo akutukuka. Chosowa chachikulu chili m'mawu olembedwa pansi pa zithunzizo. Msilikali wachizungu ankalembedwa kawirikawiri dzina, udindo ndi tauni ya kwawo, kuti nyuzipepala ya kumeneko isindikize ndipo abale anyadire, pamene wa kuno ankangotchedwa msilikali wa King's African Rifles, nthawi zina ndi dzina la mtundu wake, ndipo mitundu ina inkalembedwa ndi maina achipongwe, monga limene ankapatsa Alomwe mpaka bungwe lotsogozedwa ndi Lewis Bandawe, limene linayamba mu 1943, linakakamiza boma kuti lilisiye. Chithunzi cha Mngerezi ndi kapu chinkapangidwira mayi ake, ndipo cha Mnyasa chinkapangidwira anthu amene sankamudziwa ndiponso sankafunika kumudziwa.

Kusiyanaku kunapitirira nkhondo itatha. Zikalata zimene zinaululidwa mu 2019 zinaonetsa kuti ndalama yothokozera msilikali wamba potuluka usilikali inali mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira ngati anali mzungu, ndi mashileni atatu ndi theka ngati anali wakuda. Ndi ndalama zochepazo, pamodzi ndi zimene ankasungiridwa pa malipiro, ena anagula njinga ndi makina osokera, ena anatsegula timagolosale ndi makantini m'misika ndi m'mphepete mwa misewu, ndipo malo omwera tiyi amene lero ali ponseponse kuyambira pa Chitakale mpaka pa Limbuli, kumene munthu amagula kapu ndi sikono, mandasi kapena chinangwa chophika, anazika mizu m'zaka zimenezo, pamene asilikali akale ndi matchona obwera ku migodi anabweretsa chizolowezichi kumudzi. Chinafalikira kwenikweni shuga atayamba kupangidwa ku Nchalo mu 1966. Nkhani ya malo ndiyo inachedwa: bungwe lofufuza la Sidney Abrahams linaunika vutoli mu 1946, zipolowe zinabuka m'minda ya ku Thyolo mu 1953, thangata linathetsedwa mu 1962, ndipo alimi ang'onoang'ono anapatsidwa bungwe lowathandiza kulima tiyi wawowawo mu 1967, patatha zaka 76 chibzalire mbewu ya ku Lauderdale.

Ku Zomba kuli chipilala chachitali cha njerwa chokumbukira a Keyala, kumene mwambo umachitika mwezi wa Novembala chaka chilichonse, koma atengatenga ambiri alibe manda odziwika. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamalira manda a ofera ku nkhondo, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwina ofika 350,000, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina awo pa nkhondo yoyamba, ndipo linayamba ntchito yofufuza mainawo. A nkhondo yachiwiri ali ndi mwayi woposerapo, popeza ambiri amene anafera ku Burma ali ndi miyala kapena maina pa manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon. Zithunzi zina zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi pa Mandala House ku Blantyre, koma zimene zili ndi maina enieni zili m'masutikesi a m'midzi ya kwa Mabuka, kwa Chikumbu ndi kwa Mkanda, pamodzi ndi mamendulo ndi timabuku totulukira usilikali, ndipo zikuonongeka ndi chinyontho cha chiperoni. Pa nkhondo yachiwiri nambala ya msilikali wa ku Nyasaland inkayamba ndi zilembo DN, ndipo banja limene lili ndi nambala yotere kuseri kwa chithunzi kapena m'kabuku lingathe kuifananitsa ndi kaundula wa bungwe la manda lija, amene aliyense angamuone pa intaneti kwaulere, n'kudziwa, ngati mbale wawo anafera ku nkhondo, bataliyoni yake, tsiku limene anamwalira ndi dziko limene anaikidwa.